Majasi a Overtone

"Ili ndi la Matthew," anatero a Webster, akuyeza mapewa a jasi lakuda ndi dzanja, chala chachikulu mpaka chaching'ono, monga ankachitira bambo awo amene anali telala wa pakhonde la sitolo wopanda tepi yoyezera. "Lemba. Matthew wa kwa amalume. Ndi wa chifuwa chachikulu, limukwana."

Lindiwe anali atawafulatira, akulemba pamwamba pa katoni. Anang'amba kachidutswa ka pepala lomatira, n'kulembapo dzinalo, n'kukamata pakolala. Kuyambira m'mawa mtsikanayu ankangolemba zimene wauzidwa, maso ali pansi, ndipo a Webster anaona kuti umenewo ndi ulemu. Mwana wobadwira ku Canada, Chichewa chake chotsimphina miyendo yonse iwiri, koma mwambo ali nawo. Anamuyamikira mumtima malemu mng'ono wawo Overtone, bambo wa mtsikanayu.

Linali Loweruka, tsiku lachinayi chiikireni Overtone m'manda a ku Oshawa, mwezi wa Novembala 1995. Awiriwa anali m'chipinda chapansi pa nyumba, chimene eni ake ankachitcha besimenti. Majasi anali atapachikidwa pachitsulo chachitali, kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo, makumi awiri ndi atatu, a amuna, a akazi, ena a ana. Pakona panali madiramu awiri a buluu otumizira katundu kumudzi, ali yasa kudikira.

A Webster Chinkhata ntchitoyi sankaiphunzira lero. Kwawo ku Lizulu, chipumireni pa uphunzitsi waukulu, maliro akatha anthu ankaitana iwo kuti agawe zovala za malemu, chifukwa anali ndi mawu osanjenjemera ndipo sankaopa nkhope ya munthu. N'chifukwa chake uthenga wa imfa utafika, abale sanakangane n'komwe za woti akwere ndege. Anawalembera papepala mayina khumi ndi asanu ndi anayi, aliyense akuyembekeza kanthu kokumbukira nako Dokotala.

Dokotalayo ndiye Overtone. Anachoka kumudzi mu 1974 kukaphunzira mbiri yakale, ndipo kuyambira tsiku limenelo kwawo sanamutchulenso dzina lake lenileni. M'zaka za mantha zija sanabwereko, poti panali makalata ena amene analemba omwe akanamugonetsa m'ndende. Zinthu zitasintha, mtima wake unali utayamba kale kuvuta. Tsono a Webster atafika anapeza kuti udokotala uja sunatheke. Mng'ono wawo ankagwira ntchito mosungira zipangizo za galimoto, ndipo m'kabati mwake munali malaya atatu, mathalauza awiri, nsapato, ndi jasi limodzi lakale long'ambika m'khwapa. Suti anapita nayo kumanda. Zotsala zinali makatoni a mapepala ndi makaseti, katundu amene mbuzi yokha ndiyo ikanamuyamika.

Zinawapweteka, ndipo anachita manyazi. Malaya atatu akawagawa bwanji kwa anthu khumi ndi asanu ndi anayi? Masiku awiri chakudya sichinawatsike. Kenako Lachisanu, pofufuza kumene kunkachokera phokoso la makina otenthetsa nyumba, anatsegula chitseko chimene ankachiyesa cha kosungira matsache, n'kutsika masitepe, n'kupeza majasi aja. Anaseka okhaokha. Kani mwanayu chuma chake ankachisunga pansi ngati mbatata.

Limodzi lotere anali atalivala iwo omwe. Tsiku limene anafika, atangotuluka pabwalo la ndege ndi kajekete kawo ka ku misonkhano ya aphunzitsi, mphepo inawamenya mpaka mano kugundana, ndipo Lindiwe anawaveka jasi lotuwa lolemera osanena kanthu. Iwo anangodziwa kuti ndi la malemu, ndipo zinawakhudza kuti mlamu wawo waganiza zoyamba kupatsa iwo. Sankalivula ngakhale m'nyumba.

"Ili la Vainess," anatero, atanyamula lofiirira la ubweya m'khosi. "Azakhali ako amenewo. Unamvapo za iwo?"

"Yes, Uncle."

"Ine si ankolo. Ndine bambo ako aakulu."

"Inde, bambo aakulu."

Masitepe analira. Anali a Mathilda, mkazi wa malemu, namwino wa kunyumba ya okalamba, mayi wa ku Katete ku Zambia. M'mawa wonse anali kosaina mapepala a imfa, ndipo anali asanavule n'komwe nsapato zapanja. Anaima pasitepe yomaliza n'kuwerenga mayina a m'makolala, limodzi limodzi.

"Alamu, nipepese," anatero. "Majasi aya si a Overtone."

A Webster anaika jasi lija pamwamba pa diramu pang'onopang'ono. Mawu amenewa anali atawamvapo kambirimbiri. Njinga si ya malemu, anachita kubwereka. Wailesi si ya malemu, ndi ya achimwene anga. Sanakwiye ayi. Anangomva chisoni kuti ngakhale namwino wophunzira nayenso akuyenda njira yomweyo.

"Ali m'nyumba ya yani, alamu?"

"Yathu."

"Anawapachika apa ndani?"

"Iwo."

"Tsono ndi a yani?"

"Ni a anthu amene akubwera. Chaka chilichonse sinowo isanayambe anali kukolekita m'matchalitchi, kwa anthu ofedwa, kulikonse. Anali kuchapa okha, kusoka mabatani okha. Manje munthu akafika kuno alibe chofunda, amabwera kuzatenga."

"Anthu ake ati? A ku Malawi?"

"Aliyense."

"A kwanu ku Zambia?"

"Aliyense, alamu."

"Aliyense si dzina la munthu," anatero a Webster, n'kugwedeza pepala lawo. "Mayina ndi awa. Ndikuuzeni za Vainess, popeza simunamuonepo. Ku Lizulu msewu ndiwo malire, uku Malawi, uko Mozambique. Nkhondo itavuta kutsidyako anthu anathawira kwathu, ndipo malole ankabwera ndi ufa ndi mabulangete. Ochokera tsidya lija la msewu analandira. Mlongo wanga, wamasiye, adzukulu anayi pakhomo, njala yomweyo, chisanu chomwecho, sanalandire, eti chifukwa ndi wa konkuno. Lero m'nyumba ya mchimwene wake weniweni mukufuna ndikamuuzenso kuti zofunda zapita kwa alendo?"

A Mathilda anakhala pasitepe. Sanali mayi wamantha, koma mawu amenewo analibe powagwira, ndipo onse awiri anadziwa zimenezo.

"Nikakana," anatero motsitsa mawu, "kumudzi kuzamveka kuti mkazi wa ku Zambia wagwira katundu. Lindiwe tsiku lina akazapita kwa atate ake azamuyang'ana ndi diso limodzi. Niziwa."

"Sindinanene zimenezo."

"Simufunika kunena. Koma m'chipatala ananipempha chinthu chimodzi chabe, kuti chitseko ichi chisatsekedwe chaka chino."

"Akanandilembera ine, mkulu wake," anatero a Webster. "Lole ya madiramu ibwera Lolemba, ine ndinyamuka Lachitatu. Lemba, mwana wanga. Vainess."

Lindiwe anayang'ana amayi ake. Amayi ake anagwedeza mutu pang'ono, ndipo iye analemba. 

Belu la pakhomo linalira atatsala ndi mayina atatu okha.

Mlendoyo anali mzungu wokalamba, wamfupi, wa chipewa chofiira, ndodo kudzanja lina, chithumba chapulasitiki kudzanja lina, takisi ikubwerera mbuyo kumsewu. A Mathilda anati ndi mayi Bertha, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi zitatu, bwenzi la malemu. Kumaliro sanabwere chifukwa cha chifuwa. Dokotala wawo ndiye anawaletsa, ndipo iwo anamutcha kamwana kopanda nzeru asanakhale n'komwe pansi. Anakumbatira a Mathilda nthawi yaitali, kenako anakhuthulira chithumba chija patebulo la m'khitchini. Munali magolovesi oluka ndi manja, obiriwira ndi otuwa, aliwonse omangidwa awiriawiri ndi kaulusi.

A Webster, monga bambo wa pakhomo, anakhala moyang'anizana nawo, n'kutulutsa Chingerezi chawo chabwino chimene ankasungira oyendera sukulu. Anapereka moni, anathokoza chifukwa cha chipepeso, kenako anafunsa funso limene munthu aliyense woleredwa bwino amafunsa mlendo.

"Mayi, kwanu ndi kuti?"

Mayi Bertha anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuseka mpaka chifuwa chija chinadzuka.

"Mathilda, uyu ndi mkulu wake ndithu, makutu ndi omwewo. Bambo, mng'ono wanu anandifunsa funso limenelo kamodzi, mu 1979. Nditamuyankha sanalifunsenso kwa munthu wina aliyense."

"Kwathu ndi ulemu," anatero a Webster. "Timafunsa kuti tipeze chibale."

"Nayenso anatero. Khalani bwino, yankho lake ndi lalitali."

Overtone, iwo anati, anaika chilengezo m'nyuzipepala, kufuna okalamba okumbukira mmene matauni a kuno ankathandizira osauka kalekale, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke ndi pambuyo pake. Ndilo linali buku la udokotala wake. Masiku amenewo tauni iliyonse inali ndi kachitidwe kakekake, ndipo iye ankafuna kudziwa kusiyana kwake. Mayi Bertha anamuyankha chifukwa anali okhaokha ndipo ankafuna munthu womwa naye tiyi.

"Chinali chisanu cha 1914, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ankaumba mbaula zachitsulo. Fakitale inatseka. Tinapita kwa kalaliki wa tauni, chifukwa kumeneko osauka ankalandira malasha ndi ufa. Kwanu ndi kuti, mwakhala kuno nthawi yaitali bwanji? Miyezi khumi. Pepani, pamafunika khumi ndi iwiri. Anatipatsa matikiti a sitima opita kumene bambo anabadwira. Ulere wake unali umenewo."

"Anakubwezerani kwanu," anatero a Webster. "Si zoipa kwenikweni."

"Dikirani. Kumeneko kunalibe malasha, ankapereka nkhuni ndi mbatata, ndipo ankayamba atumiza azimayi a tchalitchi kudzaona ngati m'nyumba mulibe botolo. Kwanu ndi kuti? Konkuno, anatero bambo, ndinabatizidwa m'tchalitchi icho. Iwo anati munachoka zaka zitatu zapitazo, simulinso athu. Anati akhoza kutenga anafe n'kutiika kunyumba ya osauka, mayi kwina, bambo kwina. Bambo anavala chipewa n'kutuluka. Mumzinda waukulu ankapereka buledi, koma mwamuna ayambe waphwanya miyala yodzaza bokosi. Bambo anaphwanya, manja anang'ambika, buledi tinadya. Sabata isanathe, funso lija linatipezanso."

Lindiwe anali atadzuka mwakachetechete. Anabwera ndi mapu aakulu ochokera m'makatoni aja n'kuwayala pambali pa magolovesi. Anali matauni a m'chigawochi, atapakidwa ndi mapensulo amitundu, ndi timalemba tating'ono ta Overtone paliponse. A Webster anatizindikira nthawi yomweyo, poti ndiwo anamuphunzitsa kulemba pa sileti. Apa mkaka wa ana. Apa mkaka ayi. Apa miyezi isanu ndi umodzi. Apa chaka. Apa tikiti ya sitima. Matauni ena anali oyandikana moti munthu akanayenda wapansi m'mawa n'kufika dzuwa lisanakwere.

"Njala sindiikumbukira kwenikweni," anapitiriza mayi Bertha. "Ndimakumbukira tebulo. M'matauni onse atatu munali tebulo, ndi bambo waukhondo ali ndi cholembera. Sanali anthu oipa, musaganize choncho. Mmodzi anandipatsa siwiti. Ankangofunsa zimene anauzidwa kuti afunse."

A Webster anayang'anitsitsa mapu aja. Nkhani ya Vainess ija inali ndi mbali imene sanawauze a Mathilda, imenenso sanaiuze munthu aliyense. Malole aja ankatsitsira katundu pasukulu yawo, ndipo akuluakulu atafuna munthu wodalirika woti azilemba mayina, sanavutike kumufuna. Tebulo linali la mu ofesi yawo, analinyamulira okha pansi pa mkuyu. Vainess anaima pamzere kuyambira mbandakucha. Atafika kutsogolo, iwo poopa kuti anthu anganene kuti ahedi akukondera, anamufunsa pamaso pa onse, ndi mawu awo osanjenjemera aja: kwanu ndi kuti, mayi? Vainess anawayang'ana n'kunena kuti, mukudziwa, achimwene. Anabwerera ndi thumba lake lopanda kanthu atalipinda m'khwapa. Zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitapita, koma a Webster anamva manyazi ake ngati zachitika dzulo.

"Nanga majasi?" anafunsa a Webster.

"Pasiteshoni ya tauni yachiwiri ija. Tinkadikira sitima, ine ndikunjenjemera m'kadiresi. Mayi wina amene ankakolopa anasiya ndowa yake, anandigwira mapewa, anavula jasi lake n'kundiveka. Manja ake anachita kuwapinda katatu. M'thumba munali magolovesi. Sanafunse dzina langa, sanafunse kwathu, anangotola chokolopera chake. Mng'ono wanu anabwera katatu ndi makina ake ojambulira mawu. Kachinayi anabwera wopanda makina, akufunsa kumene angapeze majasi akale. Ine ndinati ndiziluka magolovesi, popeza manja anga analibe ntchito."

"Ndiye bukulo analisiya chifukwa cha zimenezi?"

"Sanalisiye. Chaka chilichonse ankati alimaliza chisanu chikatha. Ndinkamukalipira, ndinkamuuza kuti ndi waulesi. Ankangoseka, amvekere buku lidikira, sinowo siidikira."

Dzanja la a Webster linali m'thumba la jasi lawo lotuwa, momwe linkakonda kukhala sabata yonseyi. Munali chinthu chofewa chimene ankachisisita kumanda kuja, akuganiza kuti akugwira pamene pankagwira mng'ono wawo. Anachitulutsa. Anali magolovesi obiriwira, omangidwa ndi kaulusi, osavalidwapo n'kamodzi komwe. Anawaika patebulo, ndipo anasowa pakati pa anzawo. M'thumba lam'kati anapezamo matikiti awiri a basi ndi kapepala kopindidwa, timalemba tomwe tija, m'Chingerezi ndi m'Chifalansa: Takulandirani. Ili ndi lanu, musabweze.

Choyamba chimene anamva chinali mkwiyo, ndipo sanaubise.

"Kodi mwandiveka la opempha?" anafunsa m'Chichewa, akuyang'ana a Mathilda. "Ine mkulu wake, ndabwera kudzaika m'bale wanga, mwandiveka la ongotola?"

"Ndine ndinatenga," anatero Lindiwe. Aka kanali koyamba kuyamba yekha kulankhula ndi iwo. Anafunafuna mawu. "La Dad ndi long'ambika. Inu munali... munali kuzizidwa. That's all. Dad sanali kuyang'ana zina."

Mayi Bertha, amene sanamve liwu ndi limodzi lomwe, anafunsa ngati m'nyumbamo tiyi analetsedwa pamodzi ndi imfa. A Mathilda anadzuka kukatereka ketulo. A Webster anapepesa, anatola mapu aja ndi magolovesi obiriwira, n'kutsikira ku besimenti okha.

Anakhalako nthawi yaitali, atakhala pakatoni ya makaseti. Sanalire, chifukwa misozi yawo inathera kumanda. Ankaganiza za bwalo la kwa Vainess, mphasa zitayalidwa, anthu khumi ndi asanu ndi anayi akuyang'ana sutikesi yawo. Ankadziwa amene adzayambe kung'ung'udza, ankadziwa ndi mawu amene adzanene. Adzati a Webster anagulidwa ndi mkazi wa malemu. Ena adzati zinthu anazitsitsira ku Lilongwe kwa ana awo. Munthu amene wagawa katundu wa midzi itatu popanda womuloza chala adzalozedwa chala pa katundu wa mng'ono wake. Zimenezi zinali zoona, ndipo panalibe njira yozizembera.

A Mathilda atatsika ndi kapu ya tiyi, anawapeza akumatula timapepala m'makolala. Ankatimata pamphepete pa diramu, mayina ali ndandanda.

"Alamu..."

"Ndagawa," anatero a Webster, osatembenuka. "Mverani, poti wogawa ndine. Malaya atatu, mathalauza ndi nsapato zipita kwa amalume, akaone okha mmene angachitire. Mapu awa ndi kaseti imodzi ya mawu ake ndatenga ine. Makatoni ndi a Lindiwe, asatayidwe. Jasi long'ambika lija ndi langa. Awa si a malemu, ndiye sindingawagawe. A lole muwaimbire foni asabwere."

"Kumudzi azakamba."

"Akalankhula, inde. Akalankhula za ine, osati za inu. Ndikawauza kuti ndinafufuza nyumba yonse mpaka pansi pa nthaka, ndipo mng'ono wanga anali ndi jasi limodzi." Anayamba kumasula mabatani a lotuwa lija. "Ilinso libwerere pachitsulo."

"Iyayi," anatero a Mathilda, ndipo kanali koyamba kuwakaniza osatsitsa maso. "Ilo linaperekedwa kale. Mwawerenga kapepala. Muchite nalo zimene mufuna."

A Webster analiyang'ana, n'kuliyeza mapewa ndi dzanja. Vainess ndi wamng'ono thupi, manja adzachita kupinda. Analipinda bwinobwino n'kubwezera magolovesi m'thumba. Kapepala kaja anakasiya momwemo, akudziwa kuti adzayenera kumuwerengera okha, ndi kuti akadzatha kuwerenga padzakhala nkhani ina yoti akambirane awiriwiri.

Lolemba masana sinowo inayamba, yoyamba chaka chimenecho komanso yoyamba m'moyo wa a Webster. Anaima pawindo atavala jasi long'ambika m'khwapa, akuiyang'ana mokayikira. A Mathilda anali atapita kuntchito kukakambirana za tsiku lobwerera, Lindiwe anali m'chipinda chake ndi mabuku a ku koleji. Belu litalira, anakatsegula a Webster.

Pakhomo panali mwamuna wamtali wowonda, atavala kajekete ka suti, ndi mayi woyembekezera atadzikulunga chitenje chimodzi pamwamba pa juzi. Mwamunayo anatambasula kapepala kolembedwa nambala ya nyumbayo, n'kunena mawu angapo m'chinenero chimene a Webster sanachidziwe. Dzina la Overtone lokha ndilo linamveka.

Chitenje chija a Webster anachiona bwino. Maluwa ake sanali achilendo, ankafanana ndi zimene amalonda amabwera nazo pamsika wa Lizulu kuchokera kumpoto. Mwina anthuwa anadutsa ku Malawi. Mwina anakhalako, mwina akudziwa munthu amene iwo akumudziwa. Funso linakwera lokha mpaka pamilomo, monga lakhala likukwerera zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo kukamwa kunali kutatseguka kale.

"Lowani," anatero m'Chichewa, n'kukodola ndi dzanja. "Kunja kukuzizira."

Anawatsogolera ku besimenti n'kuyatsa getsi. Mayi uja anamukhazika pakatoni. Mwamunayo anayamba kufotokoza zambiri, akupisa m'thumba kuti atulutse zikalata zake, koma a Webster anamugwira dzanja n'kulibwezera m'thumba momwemo. Anamutembenuza kuti awafulatire, n'kuika chala chachikulu pamapeto a phewa lamanzere. Anayamba kuyeza. Kamodzi, kawiri, ndi zala zitatu.

Pamasitepe panamveka kaphokoso. Lindiwe anali ataima pamenepo, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika.

"Chavuta n'chiyani, mwana wanga?"

"Palibe, bambo aakulu," anatero, akupukuta ndi mkono wa juzi. "Adadi nawonso anali kuyamba ndi mapewa."

A Webster anagwedeza mutu. Anayenda m'mbali mwa chitsulo chija mpaka anapeza lakuda lija limene Loweruka linali la Matthew. Analitsitsa, analikutumula, n'kupisa dzanja m'thumba kuti aone ngati magolovesi alimo.